Von Lettow-Vorbeck: Ulemerero umene adausenza amtengatenga

Pa 25 November 1918, patatha sabata ziwiri mfuti zitasiya kulira ku Ulaya, gulu la asilikali ovala nsanza lidalowa m'tauni ya Abercorn, imene lero ndi Mbala, kumpoto kwa dziko la Zambia. M'gululo mudali Ajeremani 155, asilikali achikuda 1,168 ndi chinamtindi cha amtengatenga, amayi ndi ana. Mtsogoleri wawo adali mzungu wowonda wa zaka 48, wofooka ndi malungo, dzina lake Paul von Lettow-Vorbeck. Adabwera kudzatula zida chifukwa dziko lake lidali litagonja kwawoko. Iye mwini, m'zaka zinayi zimene Angerezi, Abelijiyamu ndi Apwitikizi adakhala akumusaka, palibe adamugwira.

Pachifukwa chimenechi mabuku ambiri ankhondo amamutamanda ngati katswiri amene sadagonjepo. Koma Mmalawi powerenga mbiri ya mkuluyu ali ndi ufulu wofunsa funso limene omutamanda amalidumpha: kodi ulemererowu adaulipira ndani? Nkhondo imene iye adatsogolera ndi yomwe makolo athu adaitcha Nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza ija. Idatenga amuna m'midzi kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje, ndipo ambiri sadabwerenso.

Mwana wa msilikali

Paul Emil von Lettow-Vorbeck adabadwa pa 20 March 1870 m'tauni ya Saarlouis, kumadzulo kwa Germany. Bambo ake adali mkulu wa asilikali, ndipo mtundu wawo udali wa anthu olemekezeka a m'chigawo cha Pomerania, amene kwa mibadwo yambiri ankatumikira mafumu a Prussia pankhondo. Njira ya mnyamatayu idali yolambulidwa kale. Adaphunzira m'sukulu za usilikali ku Potsdam ndi ku Berlin, ndipo pofika zaka 20 n'kuti atavala kale yunifolomu.

M'chaka cha 1900 adapita ku China ndi gulu la maiko osiyanasiyana limene lidakathetsa kuukira kwa anthu a kumeneko otchedwa Boxer. Koma sukulu yake yeniyeni idali ku South West Africa, dziko limene lero ndi Namibia. Adafikako mu 1904, pamene Aherero ndi Anama adaukira atsamunda achijeremani, ndipo adatumikira pansi pa Lothar von Trotha, mkulu amene adalamula kuti Aherero athamangitsidwire m'chipululu kuti akafe ndi ludzu. Zimene zidachitika kumeneko boma la Germany lidavomereza mu 2021 kuti kudali kupulula mtundu wa anthu.

Mu 1906 Von Lettow-Vorbeck adavulala diso lakumanzere pomenyana ndi ankhondo a Jakob Morenga, mtsogoleri amene adasautsa Ajeremani ndi anthu ochepa chabe. Morenga ankabwera mwadzidzidzi, n'kukantha, n'kuzimirira m'mapiri. Mjeremaniyo adaona ndi maso ake kuti gulu laling'ono lodziwa dziko likhoza kuzunguza gulu lalikulu lokhala ndi zida zonse. Phunziro limeneli adalisunga.

Mkangano ndi bwanamkubwa

Atatumikira zaka zingapo kwawo, adafika ku Dar es Salaam mu January 1914 kudzatsogolera asilikali a German East Africa, dziko limene lidaphatikiza Tanzania wakumtunda, Rwanda ndi Burundi. Adapeza gulu la azungu pafupifupi 260 ndi asilikali achikuda pafupifupi 2,500, ambiri mwa iwo atanyamula mfuti zakale zofuka utsi. Ntchito ya gululi idali yoopseza eni dziko. Ndi lomwe lidathetsa mwankhanza kuukira kwa Maji Maji pakati pa 1905 ndi 1907.

Mwa asilikaliwo mudalinso amuna ochokera ku Nyasaland. Mu 1911 Angerezi adathetsa gulu lachiwiri la King's African Rifles pofuna kuchepetsa ndalama zimene ankawononga, ndipo ambiri mwa ochotsedwawo adawoloka malire n'kukalembedwa ntchito ndi Ajeremani, amene ankalipira bwino. Motero nkhondo itabuka, anthu amtundu umodzi adapezeka akulozana mfuti.

Nkhondoyo idayamba mu August 1914. Bwanamkubwa wa dzikolo, Heinrich Schnee, sadafune kuti ifike ku Africa. Ankadalira pangano la ku Berlin la 1885, limene lidapereka mwayi woti maiko a atsamunda a m'chigawochi asalowerere nkhondo za ku Ulaya, komanso ankaopa kuti azungu akayamba kuphana, eni dziko aukira. Von Lettow-Vorbeck adaona zinthu mwina. Ankadziwa kuti sangathe kuteteza dziko lalikulu chotere lozingidwa ndi adani mbali zonse, koma adawerengera kuti msilikali aliyense wa Britain amene angatangwanike ku Africa ndiye kuti wachotsedwa pabwalo lankhondo la ku France. Mwalamulo mkulu adali Schnee, koma msilikaliyo adamunyalanyaza n'kuchita zakezake. Zonse zimene zidatsatira zidachokera pa chisankho chimenechi.

Kuno kwathu moto udafika msanga. Pakati pa August 1914 sitima ya Guendolen idawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padooko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli, kutsidya kwa nyanja ya Malawi. Pa 9 September Ajeremani adathira nkhondo Karonga koma adabwezedwa, ndipo manda a ena mwa amene adafa tsikulo alipo mpaka lero. Imfa za ku Karonga ndi zina mwa zimene zidachititsa Mbusa John Chilembwe kulembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi achikuda akufera nkhondo imene si yawo, n'kusiya amasiye opanda wowathandiza. Patangopita miyezi yochepa, mu January 1915, iye adaukira boma.

Njuchi za ku Tanga

Dzina la Von Lettow-Vorbeck lidamveka koyamba ku Tanga. Kumayambiriro kwa November 1914, sitima za Angerezi zidatsitsa asilikali pafupifupi 8,000 ochokera ku India pansi pa Arthur Aitken. Anthuwa adali atakhala m'sitima sabata zambiri, odwala ndiponso osadziwa malo, pomwe atsogoleri awo adachedwa ndi kukambirana mpaka Mjeremaniyo adapeza mpata wobweretsa anthu ake pa njanji kuchokera kufupi ndi phiri la Kilimanjaro. Ndi asilikali pafupifupi 1,000 okha adawabweza alendowo kunyanja. Pakati pa kumenyanako njuchi zimene ming'oma yake idaswedwa ndi zipolopolo zidaluma mbali zonse ziwiri. Pothawa, Angerezi adasiya mfuti zachiwaya, mfuti zamanja mazanamazana ndi zipolopolo pafupifupi 600,000.

Mu January 1915 adapambananso ku Jassin, koma adatayako atsogoleri ambiri odziwa ntchito, amene sakadatha kuwapezanso poti njira zapanyanja zidali m'manja mwa Angerezi. Kuyambira pamenepo adatembenukira ku nkhondo yachizembera. Timagulu ting'onoting'ono tinkadutsa m'tchire louma kukaphulitsa njanji yochokera ku Mombasa kupita ku nyanja ya Victoria. Sitima yankhondo ya Königsberg itamizidwa mumtsinje wa Rufiji mu July 1915, adazula mizinga yake khumi n'kumaikoka pamtunda. Posowa mankhwala, anthu ake ankaphika makungwa a mtengo wa kwinini n'kumwa madzi ake owawa. Ankasoka nsapato ndi zikopa za nyama zakutchire. Gulu lake lidakula mpaka kufika pa azungu pafupifupi 3,000 ndi asilikali achikuda oposa 11,000.

Ngakhale adani ake ankavomereza kuti adali msilikali weniweni. Ankalankhula Chiswahili, ankayenda wapansi kapena pa njinga kukazonda yekha malo, ndipo ankadya zimene anthu ake ankadya. Malungo adamugwetsa kambirimbiri koma ankadzuka n'kupitiriza ulendo.

Kusakidwa mbali zonse

Mu 1916 Britain idatsimikiza zothana naye. Jan Smuts wa ku South Africa adalowa kuchokera ku Kenya mu March, Abelijiyamu adachokera ku Congo, ndipo Edward Northey adatsogolera gulu la Nyasaland ndi Rhodesia kuchokera kumpoto kwa nyanja ya Malawi mu May. Pofika September mizinda ya Dar es Salaam ndi Tabora idali italandidwa. Komabe nthawi iliyonse imene msampha unkati utseke, Mjeremaniyo ankakhala atachoka kale, akulowera kummwera.

Dziko lenilenilo lidamumenyera nkhondo. Kashembe adapha akavalo, abulu ndi ng'ombe zokoka ngolo. Malungo ndi kamwazi zidagwetsa asilikali achizungu a ku South Africa mwaunyinji, moti pofika kumapeto kwa chaka ambiri adabwezedwa kwawo. M'malo mwawo mudalowa asilikali achikuda a ku Nigeria, Gold Coast ndi a King's African Rifles, gulu limene lidakula mpaka kukhala ndi magulu 22 pofika 1918.

Apa ndi pamene nzeru ya mkuluyu imaoneka kuperewera. Kuyambira 1917, ambiri mwa amene ankamusaka adali Aafirika amene Britain sidali ndi cholinga chowatumiza kukamenya nkhondo ku France. Zimene adawonongetsa adani ake, monga ndalama, sitima ndi mankhwala, zidali zambiri ndithu, koma sizidasinthe mathero a nkhondo ya ku Ulaya ngakhale pang'ono. Chimene chidasinthiratu ndi moyo wa anthu a m'maiko amene iye adadutsamo.

Katundu pamutu

M'dziko lopanda misewu, momwe ziweto zinkafa ndi kashembe, chilichonse chinkayenda pamutu pa munthu: ufa, zipolopolo, mahema, mizinga yophwasula, ngakhale azungu odwala pa machila. Mtengatenga ankasenza katundu wa makilogalamu pafupifupi 25 kwa tsiku lonse. Vuto lidali lakuti nayenso ankayenera kudya, ndipo mtunda ukatalika, gawo lalikulu la chakudya linkathera panjira podyetsa osenzawo. Choncho msilikali mmodzi wakutsogolo ankafunika anthu angapo kumbuyo kwake, ndipo Mjeremaniyo akamka patali, chiwerengerocho chinkakwererakwerera.

Katundu wa gulu la Northey ankadzera kuno kwathu: pa njanji mpaka ku Blantyre, pamtunda mpaka ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, pa sitima kukwera nyanja, kenako pamitu ya anthu kudutsa m'mapiri ozizira a kutsidya. Katswiri wa mbiri yakale Melvin Page, amene adacheza ndi okalamba ambiri a m'dziko muno omwe adaiona nkhondoyi, adawerengera kuti Nyasaland idapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, panthawi imene dziko lonse lidali ndi anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni. Odzipereka okha atatha, boma lidayamba kukakamiza. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero cha amuna oti apereke, amesenjala ankazinga midzi usiku, ndipo m'malo ena ankagwira akazi mpaka amuna awo atuluke kumene adabisala. Minda idagonera, njala idalowa.

Kumbali ya Britain yokha, amtengatenga amene adafa mu East Africa amawerengedwa kuti adali pafupifupi 95,000, ambiri chifukwa cha matenda, njala ndi kutopa. Kumbali ya Ajeremani palibe ankalemba. Gulu la Von Lettow-Vorbeck linkagwira amuna m'midzi imene linkadutsamo, nthawi zina n'kuwamanga pachingwe chimodzi kuti asathawe. Chikoti chinkagwira ntchito, ndipo othawa kapena oganiziridwa kuti athandiza adani ankawomberedwa kapena kupachikidwa. Chakudya ankalanda m'nkhokwe, ndipo chimene sakadatha kunyamula ankachiwononga kuti owatsatira asachipeze. Dokotala Ludwig Deppe, amene adayenda ndi gululo, adalemba yekha kuti kumbuyo kwawo ankasiya minda yowonongeka, nkhokwe zopanda kanthu ndi njala. Akatswiri amati anthu wamba amene adafa ndi njala ndi matenda m'dziko la German East Africa lokha adafika mazana a zikwi. Zoonadi, njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Kuwoloka Ruvuma

Mu October 1917 kudachitika nkhondo yoopsa kwambiri ku Mahiwa, kummwera kwa Tanzania. M'masiku anayi Angerezi adataya anthu oposa 2,000, akufa ndi ovulala, pomwe Ajeremani adataya pafupifupi 500. Kudali kupambana, koma kudamusiya wopanda zipolopolo. Chibaluni chachikulu chimene Germany idatumiza kuchokera ku Bulgaria ndi katundu womuthandiza chidabwerera chitafika m'dziko la Sudan.

Pamenepo adasankha anthu amphamvu okhaokha, n'kusiya odwala ndi ovulala kuti agwidwe. Pa 25 November 1917 adawoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa m'dziko la Mozambique ndi azungu pafupifupi 300, asilikali achikuda pafupifupi 1,700 ndi amtengatenga zikwi zingapo. Tsiku lomwelo adakantha msasa wa Apwitikizi ku Ngomano n'kulanda mfuti ndi zipolopolo. Kwa miyezi khumi adakhala akuyendayenda kumpoto kwa Mozambique, akudya zolanda. M'madera ena anthu adamulandira bwino chifukwa chotopa ndi nkhanza za Apwitikizi, koma atachoka, chilango chidagwera iwo.

Mu July 1918 adafika ku Namacurra, kufupi ndi Quelimane, kumene adalandanso zida ndi chakudya chambiri. Kumapeto kwa August adakumana ndi zokhoma ku Lioma, chakummawa kwa malire a dziko lino, kumene asilikali a gulu loyamba la King's African Rifles, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland, adalimba osasunthika mpaka anzawo adafika. Adataya anthu ndi katundu wambiri, ndipo adapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Kumapeto kwa September adawolokanso Ruvuma, n'kuzungulira kumpoto kwa nyanja ya Malawi, n'kulowa mu Northern Rhodesia. Adalanda Kasama, ndipo ali m'mbali mwa mtsinje wa Chambeshi, pakati pa November, ndi pamene uthenga udamupeza woti nkhondo idatha pa 11 November. Pamalopo pali chipilala mpaka lero.

Amene adatsala ndi moyo adakumana ndi mdani wina. Mliri wa fuluwenza udagwira asilikali ake achikuda amene adasungidwa ku Tabora, ndipo asilikali ndi amtengatenga obwerera kwawo mbali zonse adaufikitsa m'midzi, kuphatikizapo ya kuno kwathu.

Ngwazi ya dziko logonja

Mu March 1919 Von Lettow-Vorbeck adalowa mumzinda wa Berlin atakwera kavalo, khamu la anthu likumuwombera m'manja. Dziko logonja lidafuna munthu mmodzi woti limunyadire, ndipo lidamupeza. Chaka chomwecho adakwatira Martha Wallroth, ndipo adatsogolera asilikali kukathetsa zipolowe mumzinda wa Hamburg. Mu March 1920 adathandiza gulu la Wolfgang Kapp limene lidafuna kulanda boma losankhidwa ndi anthu. Chiwembucho chidalephera, ndipo iye adachotsedwa usilikali. Adakhazikika ku Bremen n'kumachita malonda, kenako adakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo kuyambira 1928 mpaka 1930, m'chipani chosafuna demokalase.

Mabuku amene adalemba adafalitsa chithunzi cha msilikali wachikuda wokhulupirika mpaka imfa kwa bwana wake wachijeremani. Ena adamutsatiradi mpaka ku Mbala, chifukwa cha malipiro, ulemu umene yunifolomu inkawapatsa, komanso poti kwawo kudali kutali. Koma ambiri adathawa panjira, ndipo za amtengatenga ogwidwa mokakamiza chithunzicho chidangokhala chete. Chidagwiritsidwa ntchito ngati umboni woti Germany iyenera kubwezeredwa maiko ake a ku Africa, nkhani imene iye adailimbikitsa kwa zaka zambiri. Sadalowe chipani cha Nazi, ndipo pali nkhani yotchuka yoti adakana pamene Adolf Hitler adafuna kumutumiza ku London ngati kazembe. Komabe adapitiriza kulankhula pamisonkhano yofuna utsamunda m'nthawi ya ulamulirowo, ndipo adalandira udindo waulemu wa usilikali kuchokera ku boma lomwelo.

Nkhondo yachiwiri idamulanda ana ake aamuna awiri, ndipo nyumba yake ya ku Bremen idaphwasulidwa ndi mabomba. Pa umphawi umene udatsatira, mmodzi mwa amene adamuthandiza adali Smuts, mdani wake wakale, amene adakumana naye paphwando ku London mu 1929 n'kukhala bwenzi lake. Mu 1953 adachezanso ku East Africa, kumene ena mwa asilikali ake akale adamulandira. Adamwalira ku Hamburg pa 9 March 1964, kutatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 94. M'chaka chomwecho boma la West Germany lidapereka ndalama kwa asilikali ake achikuda amene adali akadali moyo, patatha zaka 46 chithere nkhondo.

Mayina osalembedwa

Kwa zaka zambiri misewu ndi misasa ya asilikali ku Germany inkadziwika ndi dzina lake. Lero zinthu zasintha. Mizinda ingapo, kuphatikizapo Saarlouis kumene adabadwira, idachotsa dzinalo m'misewu yake akatswiri ataunikanso zimene adachita ku Namibia, ku East Africa ndi pa chiwembu cha 1920.

Luso lake pankhondo palibe angalikane. Kuyendetsa gulu kwa zaka zinayi ndi thandizo lochepa chabe lochokera kwawo, akumenya ndi zida zolanda kwa adani, si ntchito yamasewera. Koma luso limeneli adaligwiritsa ntchito potalikitsa nkhondo imene bwanamkubwa wake yemwe adafuna kuipewa, m'dziko la eni ake amene sadafunsidwe, pofuna phindu limene Germany sidalione n'komwe. Atsamunda anzake a ku Britain, Belgium ndi Portugal ali ndi gawo lawo pamlanduwu, pakuti ndi iwo adasesa midzi pofuna anthu omuthamangitsa.

Ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndipo chaka chilichonse mu November akuluakulu amakaikapo nkhata zamaluwa. Amtengatenga ambiri alibe mwala wolembedwa dzina. Bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000 amene adafera Britain pankhondoyi, ambiri mwa iwo Aafirika, sadakumbukiridwe ndi mayina awo monga adachitira ndi azungu. Ena mwa iwo adachokera m'midzi yathu, ndipo adagona m'mbali mwa njira za ku Songea, Iringa ndi kumpoto kwa Mozambique. Tsiku lobadwa la Von Lettow-Vorbeck, tsiku lomwalira ndi manda ake zonse zikudziwika. Za anthu amene adasenza nkhondo yake, ngati zilipo zotsala, zili m'nkhani zimene agogo adasiyira adzukulu awo, ndipo ndi bwino kuzifunsa ndi kuzilemba odziwa asadathe.